Tipange Mafirizesi Osadwalitsa Ana Athu M'nyengo ya Dzuwa

Nyengo ya dzuwa ndi nthawi ya ludzu. Kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itagwa yokwanira, mkulu ndi mwana yemwe amafuna kanthu kozizira koti athire kukhosi. Iyi ndi nthawi imene mafirizesi, amene ena timawatchula kuti gelinho, amayenda malonda pazipata za sukulu, m'misika ndi pokwerera machapa. Chifukwa magetsi afika m'malo ambiri amalonda, mabanja ena ayamba kupanga okha kunyumba, ena kuti ana amwe, ena kuti apezepo ya sopo ndi mchere.

Kupanga chakumwa choundana si chinthu choipa. Chikapangidwa bwino ndi zipatso zathu, chimathetsa ludzu ndipo chimapatsa thupi mavitamini. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa, ndipo ndicho mutu wa nkhani yathu: kuzizira sikupha tizilombo toyambitsa matenda. Madzi oipa akalowa m'firiji amatulukamo ali oipabe.

Zipatso tili nazo

Kumayiko ozizira monga a ku Ulaya, anthu amakonda kupanga zakumwa zoundana ndi kachipatso kofiira kotchedwa cherry. Kachipatsoka sikapezeka m'misika yathu, koma kali ndi m'bale wake amene timamudziwa bwino, ndiye pichesi. Mitengo iwiriyi ndi ya banja limodzi, ndipo mapichesi amabereka bwino kumapiri ozizira a Angonia, Tsangano, Dedza ndi Ntcheu. Choncho palibe chifukwa chosilira za kutali.

Kuwonjezera pa mapichesi, tili ndi malambe ndi masawu ochokera kumadera otentha a m'chigwa cha Zambezi, tili ndi bwemba, mango, masuku, magwafa ndi mandimu. Malambe ali ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje. Vitamini ameneyu amathandiza kuti zilonda zipole msanga, kuti nkhama zikhale zolimba, komanso kuti thupi lizitha kutenga bwino mchere wa ayironi wochokera ku nyemba ndi masamba, umene umawonjezera magazi. Mango akupsa amapatsa thupi vitamini A, wofunika pa maso ndi pa chitetezo cha m'thupi la mwana. Madzi ongothira utoto wofiira ndi shuga alibe chilichonse mwa zimenezi.

Chenjezo limodzi pa mapichesi ndi ili: chotsani nthangala yake ndipo musaiswe kapena kuisinja. Kanjere ka m'kati mwa nthangalayo kali ndi mankhwala amene amasanduka poizoni m'mimba munthu akadya tambiri. N'chimodzimodzinso ndi nthangala za cherry ndi za maplamu. Mnofu wa chipatso ndi wabwino, koma nthangala ndi zotaya kapena zodzala.

Kodi n'chifukwa chiyani kuzizira sikupha tizilombo?

Tizilombo toyambitsa kolera, kamwazi, tayifodi ndi matenda a chikasu otchedwa hepatitis A timachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala, kapena wa munthu amene ali nato koma sakuonetsa zizindikiro. Timafika m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'manja osasamba, pa ntchentche ndi pa ziwiya. Sitioneka ndi maso, ndipo madzi akhoza kuoneka oyera mbee koma muli tizilombo.

Moto umapha tizilomboti chifukwa kutentha kumaononga thupi lake. Kuzizira sikuchita choncho. Madzi akaundana, tizilombo tina timafa, koma tambiri timangoleka kuswana n'kukhala ngati tagona. Chakumwa chija chikasungunuka m'kamwa ndi m'mimba mwa mwana, timadzukanso n'kuyamba ntchito yake. Ndi chifukwa chake akatswiri a za sayansi akafuna kusunga tizilombo kuti adzatifufuze mtsogolo, amatiika m'firiji yozizira kwambiri.

Zimenezi zinaonekera poyera ku Germany mu 2012, pamene anthu pafupifupi 11,000, ambiri a iwo ana a sukulu, anadwala matenda osanza ndi kutsekula m'mimba. Atafufuza anapeza kuti gwero lake linali zipatso za sitiroberi zimene zinasungidwa zoundana. Dziko limenelo lili ndi mafiriji abwino ndi magetsi osathimathima, koma kuzizira sikunateteze anawo.

Kuno kwathu kolera si yachilendo. Mu 2015 inavuta m'chigawo chathu cha Tete pamodzi ndi Nampula ndi Niassa. Mu Seputembala 2022 inabukanso ku Niassa n'kufalikira zigawo zina, makamaka namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Ku Malawi, mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700. Matendawa sayang'ana malire. Anthu a mbali zonse ziwiri timagula pa msika umodzi monga wa Lizulu, timakwatirana, timayenderana pamaliro ndi pazinkhoswe. Njira yaikulu imene kolera imayendera ndi madzi, ndipo firizesi ndi madzi amene angoumitsidwa. Chidebe chimodzi cha malita 20 chikhoza kutulutsa timapepala pafupifupi 200. Ngati madzi ake ndi oipa, ndiye kuti afika kwa ana 200 tsiku limodzi.

Ena amati kuwawasa kwa malambe kapena kwa mandimu kumapha tizilombo. N'zoona kuti zowawasa zimafooketsa tizilombo tina, koma sizipha tonse. Musadalire zimenezo.

Yambani ndi madzi

Musanaganize za chipatso kapena shuga, konzani madzi. Ngakhale madzi a pa mjigo kapena a pa mpopi akhoza kuipa panjira, chifukwa cha chigubu chosatsuka, masamba amene timaika pamwamba pa ndowa, kapena zala zolowa m'madzi posenza. Njira zodalirika ndi ziwiri.

Yoyamba ndi kuwiritsa. Ikani madzi pamoto mpaka abwadamuke, ndipo asiyeni abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungofunda kapena kungotulutsa nthunzi sikukwanira. Akatero aphuleni, avundikireni, azizire ali momwemo mumphika.

Yachiwiri ndi kuthira mankhwala a kolorini. Kuno ku Mozambique timadziwa Certeza, ndipo ku Malawi amadziwa WaterGuard. Werengani mlingo umene walembedwa pa botolo ndipo muutsate monga momwe ulili, kapena funsani a zaumoyo a m'dera lanu kuti akusonyezeni. Mukathira, khutchumulani chigubu, tsekani, ndipo dikirani mphindi 30 musanagwiritse ntchito. Ngati madzi ali a matope, yambani mwawasiya adikhe ndi kuwasefa pa nsalu yoyera, chifukwa matope amalanda mphamvu ya mankhwalawa.

Dziwaninso kuti kolorini ayenera kuthiridwa m'madzi okhaokha, musanaikemo chipatso kapena shuga. Mukathira mankhwala m'madzi amene mwasakaniza kale ndi malambe, mphamvu yake imathera pa zipatsozo ndipo tizilombo timatsala. Madzi ayambe ayera, chipatso chibwere pambuyo.

M'madera ena a dziko lathu anthu akhala akuopa mankhwalawa chifukwa m'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Cólera ndi matenda, pamene cloro ndi mankhwala opha kachilombo ka matendawo.

Madzi okonzedwa asungidwe m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chokhala ndi chitsekero. Pofuna kutunga, pendeketsani chigubu, osamiza kapu. Madzi omwewa ndi amene mutsukire zipatso, sefa, supuni ndi beseni. Palibe phindu kuwiritsa madzi kenako n'kusefera pa sefa yotsukidwa ndi madzi a kudambo.

Kapangidwe kake

Musanayambe, sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda, monga a pa mpondagiya kapena ochita kuthiriridwa ndi wina. Wengani zikhadabo. Ngati inu kapena wina wa m'nyumba mwanu akutsekula m'mimba, musapange mafirizesi mpaka atachira. Gwirirani ntchito pa tebulo kapena pa thandala, kutali ndi chimbudzi, khola ndi dzala.

Cha malambe. Tengani makapu 2 a malambe osavunda ndi osafumbwa, pa lita imodzi ya madzi okonzedwa amene azizira. Musawaphike, chifukwa moto umaononga vitamini C. Aviikeni m'poto wovundikira kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Takasani ndi mthiko woyera mpaka ufa wonse uchoke ku nthangala, osati kufinya ndi manja. Sefani. Thirani masupuni aakulu 4 a shuga ndi kutakasanso. Bwemba amapangidwa chimodzimodzi, koma amafuna wochepa chifukwa ndi wowawasa kwambiri.

Cha mapichesi. Sankhani mapichesi 8 kapena 10 akupsa bwino. Atsukeni, asendeni, adulenidule ndi kuchotsa nthangala. Yang'anitsitsani m'kati, chifukwa mapichesi amakonda kukhala ndi mphutsi, ndipo otere ndi otaya. Aphikeni m'madzi a kapu imodzi kwa mphindi 5 mpaka afewe. Kuphikaku kumapha tizilombo ta pa chipatso ndiponso kumathandiza kuti madzi ake asade. Apoteni, asefeni, onjezerani madzi okonzedwa mpaka zikwane lita imodzi, kenako thirani masupuni aakulu 3 a shuga ndi madzi a ndimu imodzi. Masawu ouma nawonso ndi bwino kuwawiritsa, chifukwa amayanikidwa panja pamene pamafika fumbi, mbuzi ndi ntchentche.

Cha mango. Tengani mango 5 kapena 6 akupsa, opanda mabala. Atsukeni musanasende, chifukwa mpeni umatenga litsiro la pa khungu n'kulilowetsa m'kati. Palani mnofu ndi supuni, sefani kuti ulusi utsale, ndipo sakanizani ndi madzi okonzedwa kufika lita imodzi. Mango akupsa bwino safuna shuga wambiri, ndipo nthawi zina safuna n'komwe. Mango otola pansi amene aphulika kapena alumidwa ndi mleme asalowe m'chakumwa.

Amene amakonda kuthira mkaka, ngati ndi wa ng'ombe wongokama, auwiritse kaye. Ngati ndi wa ufa, ausungunule ndi madzi okonzedwa.

Ngati mukupangira banja lanu lokha, simufunikanso timapepala. Thirani chakumwacho m'kontena yosazama yokhala ndi chivundikiro ndi kuika m'chipinda choumitsira cha firiji. Pakapita ola limodzi, palani ndi foloko yoyera mbali zimene zayamba kuuma, n'kubwezeramo. Chitani choncho katatu kapena kanayi. Mudzapeza chakumwa chofewa ngati mchenga wonyowa, chimene mukhoza kugawira m'makapu. Njira imeneyi ndi yaukhondo, ndipo imachepetsa mapepala otayika pabwalo amene mbuzi ndi ng'ombe zimameza.

Pothira m'timapepala

Apa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Timapepala tatsopano timakhala tomatirira, ndipo anthu amatitsekula pouzira ndi pakamwa kapena kunyowetsa chala ndi malovu. Kutero ndi kuika malovu anu m'chakumwa cha mwana wa mnzanu. Tikitani kukamwa kwa kapepala ndi zala zouma zosamba, kapena lowetsani fanelo yoyera. Thirani ndi jagi kudzera pa faneloyo. Musadzaze mpaka pakamwa, chifukwa madzi akamaundana amatupa ndipo kapepala kakhoza kuphulika. Musagwiritsenso ntchito timapepala takale, kapena mabotolo otola m'misika ndi m'mbali mwa msewu.

Kumbukirani kuti mwana amaboola firizesi ndi mano, ndiye kuti kunja kwa kapepala nako kumalowa m'kamwa. Mukamanga, tsukani timapepala tonse ndi madzi okonzedwa, ndipo mutiike m'beseni kapena m'jumbo yoyera musanalowetse m'firiji. Musatisanjike pamodzi ndi nyama, nkhuku kapena nsomba zosaphika. Magazi a nyama akadontha pa kapepala, tizilombo take timafika m'kamwa mwa mwana popanda kudutsa pamoto.

Lowetsani m'firiji mukangomaliza. Chakumwa cha shuga chikakhala pamalo otentha kupitirira maola 2, tizilombo timaswana mofulumira, chifukwa shuga ndi chakudya chake ndipo kutentha kwa nyengo ino n'kumene timakonda.

Magetsi akathima

Firiji yoimika zinthu iyenera kuzizira kufika madigiri 18 kutsika pansi pa ziro. Magetsi akathima, musamatsekuletsekule. Firiji yoimika yodzaza bwino ikhoza kusunga kuzizira kwa masiku 2 ngati siitsekulidwa, ndipo yodzaza theka ikhoza kusunga kwa tsiku limodzi. Magetsi akabwera, gwirani mafirizesi. Ngati akadali olimba kapena muli timiyala ta madzi oundana, alibe vuto. Ngati asungunuka onse ndipo afunda, atayeni. Kuwaumitsanso sikubweza kanthu, chifukwa tizilombo timene taswana pa nthawi imene anali ofunda timaundana nawo limodzi. Chimodzimodzinso otsala pa malonda amene abwerera madzulo atasungunuka. Kutaya timapepala 30 kumawawa, koma ndalama yake siifika pa ya mayendedwe opita ndi mwana kuchipatala usiku.

Kwa amene alibe firiji

Mabanja ambiri m'midzi yathu alibe magetsi. Mukhozabe kuziziritsa chakumwa. Thirani m'botolo loyera lotseka bwino, likulungeni ndi nsalu kapena chiguduli chonyowa, ndi kuliika pamthunzi podutsa mphepo, kapena muliimike mumtsuko wa dothi wokhala ndi madzi. Madzi a pa nsalu akamauma amachotsa kutentha m'botolo. Pangani chokwanira tsiku lomwelo basi.

Mukagula madzi oundana ku msika, musawaponye m'chakumwa, chifukwa simudziwa madzi amene anaumitsa. Aikeni m'ndowa ndipo botolo lotseka likhale pakati pake. Aziziritse kunja, osati kulowa m'kati. Madzi oundana amene asungira nsomba asayandikire chakumwa n'komwe.

Shuga ndi ana aang'ono

Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono a tiyi pafupifupi 12, ndipo linati ndi bwino kwambiri kufika theka la pamenepo. Ana amafunika wocheperapo. Mlingo umene tapereka pamwambapa, wa masupuni aakulu 4 pa lita, ukagawidwa m'timapepala 10, kalikonse kamakhala ndi shuga wongopitirira pang'ono supuni yaing'ono imodzi. Kamodzi kapena tiwiri pa tsiku n'tokwanira. Mwana amene amayamwa firizesi tsiku lonse mano ake amakhala m'shuga nthawi yaitali ndipo amabooka, komanso pofika nthawi ya nsima amakhala alibe njala. Akamaliza, mupatseni madzi abwino achukuche m'kamwa. Odwala matenda a shuga afunse kaye kuchipatala.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, ngakhale kutenthe bwanji. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe mafirizesi, ndipo asapatsidwenso uchi. Agogo ndi azakhali, tithandizeni pa zimenezi, chifukwa nthawi zambiri mwana amalawitsidwa ali kumsana chifukwa cha chikondi.

Tinenenso za zikhulupiriro ziwiri. Zozizira siziyambitsa malungo. Malungo amabwera ndi udzudzu. Mango nawonso sayambitsa kutsekula m'mimba mwa iwo okha. Nyengo ya mango imakumana ndi mvula yoyamba, imene imakokolola zonyansa za kutchire n'kuzithira m'zitsime, ndiponso ndi nthawi imene ntchentche zimachuluka. Vuto ndi madzi, manja ndi zipatso zosatsuka.

Pogula kwa ena

Makolo, musachite manyazi kufunsa wogulitsa kuti madzi ake amawakonza bwanji. Wogulitsa waukhondo sakwiya ndi funso limeneli. Yang'anani bokosi lake ngati lili loyera ndi lotsekedwa, ndipo ngati mafirizesi ali olimba, osati akusambira m'madzi akuda pansi pa bokosi. Phunzitsani ana kuti asamapisemo manja onse posankha, ndipo asamalumirane firizesi imodzi. Inu ogulitsa, dzanja lolandira ndalama lisagwire pamene mwana adzaluma. A zaumoyo akalengeza kuti m'dera mwabuka kolera ndipo aletsa kugulitsa zakumwa zopanga kunyumba, tiyeni timvere mpaka atatiuza kuti zatha.

Wina akayamba kutsekula m'mimba

Kolera ikhoza kuyamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa kapena kudya zoipa. Chimbudzi chimakhala cha madzi okhaokha, chooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo nthawi zambiri munthu amasanza. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo zikhoza kuchitika m'maola ochepa.

Yambani pomwepo kumupatsa madzi a mchere ndi shuga a m'paketi, amene kuchipatala kuno amati SRO ndipo ku Malawi amati Thanzi. Sungunulani paketi m'madzi okonzedwa monga mwa mlingo wolembedwa. Ngati mulibe paketi, tengani lita imodzi ya madzi okonzedwa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mupatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ngakhale muli panjira yopita kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musamupatse mafirizesi kapena zakumwa za m'botolo m'malo mwa madzi amenewa, chifukwa shuga wake ndi wambiri, mchere mulibe, ndipo zikhoza kuwonjezera kutsekulako.

Thamangirani kuchipatala chapafupi msanga ngati wodwala akutsekula madzi okhaokha kambirimbiri, ngati maso alowa, ngati liwombo la mwana lalowa, ngati akusanza chilichonse, akukanika kumwa kapena kuyamwa, wafooka kwambiri, sakukodza, kapena m'chimbudzi muli magazi. Musadikire kuti kuche. Kuchipatala ana amapatsidwanso mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize onse ngakhale aoneke kuti achira. Ngati ana angapo adwala atamwa chakumwa cha pamalo amodzi, dziwitsani a zaumoyo ndi amfumu tsiku lomwelo kuti ena apulumuke.

Amayi ndi abambo, zipatso tili nazo ndipo kapangidwe kake si kovuta. Chofunika ndi kuwiritsa kapena kuthira mankhwala m'madzi, kusamba m'manja ndi sopo, kusauzira m'timapepala, ndi kutaya zimene zasungunuka. Mukawerenga tsamba lino, muwawerengerenso anzanu a kumpingo, a kumjigo ndi a kumsika amene sadziwa kuwerenga, makamaka amene amapanga mafirizesi ogulitsa kwa ana a sukulu.